HiAce yanga idling siikutsika ngakhale itatentha, ndiyambire pati?

Zamatimati_Lizulu
Akuluakulu ndithandizeni maganizo ndisanawononge ndalama. Ndili ndi HiAce ya petulo ya 1998, injini 1RZ ya injection, ndimanyamulira tomato ndi kabichi kuchoka ku Lizulu kupita ku Wakawaka ku Lilongwe kawiri pa sabata. Vuto ndi idling, kulira kwa injini ndisanaponde moto. M'mawa ndikaliza ma rev amayambira pa 1,800, izi sindidandaula nazo chifukwa kuno kumazizira ndipo ndi momwe imachitira kuyambira kale, koma kale ikatentha imatsika yokha kufika cha m'ma 900. Pano ndimatha kuyenda kuchoka ku Lizulu mpaka pa Nathenje koma ndikaima muvi uli pa 1,500, nthawi zina ukusewera, kukwera 1,700 kutsika 1,200 kukweranso ngati pali wina akuponda moto dala. Giya wani ikulowa mokukuta, mafuta nawo ulendo womwe ndinkapita ndikubwera ndi malita 30 pano ukundidyera 36 kapena 37. Makaniko wina anatsuka throttle body ndi sipule kenako anapotoza kasikuluwu kena pambali, inatsika pang'ono tsiku limenelo, mawa lake yabwerera pomwepo. Pano akuti vuto ndi kompyuta, ndigule ina. Mtengo womwe wandiuza ndi wa mbuzi ziwiri. Ndigule?

Sipanala14
Musagule. Mbuzi zisiyeni m'khola kaye. Tiuzeni muvi wa geji ya kutentha umaima pati mukayenda ka ola limodzi, komanso ngati check engine imayaka.

Kondakitala265
Galimoto ikufuna kuthamanga inu mukuisenzetsa kabichi. Ibweretseni pa ruti ya 25 sabata imodzi ichira yokha 😂

MkuluWaBiwi
Achimwene a ku Lizulu, ine ndagwira magalimoto amenewa kuyambira asanakalambe ndiye ndikuuzeni momwe ndimaganizira ndikalandira vuto ngati ili. Injini ya petulo siingalire pamwamba popanda mpweya. Kaya kompyuta ithire mafuta ochuluka bwanji, ngati mpweya ndi wochepa ingotsamwa ndi kutulutsa utsi wakuda, siingakwere kufika 1,500. Ndiye funso ndi limodzi: mpweya ukulowera pati pomwe inu simunaponde? Makomo ake si ambiri. Loyamba ndi throttle yeniyeniyo, kachitseko kaja sikakutseka mpaka kumapeto chifukwa kebulo yathina, kapena kapeti yapanikiza pedulo, kapena wina wasewera ndi sikuluwu. Lachiwiri ndi valavu ya idling yomwe ili pa throttle body pomwepo, ena amati ISC ena IAC, imeneyo ntchito yake ndi kulambalalitsa mpweya injini ikakhala yozizira kenako nkumatseka pang'onopang'ono ikamatentha. Lachitatu ndi pong'ambika, timapaipi ta vacuum tija, paipi yaikulu yopita ku booster ya mabuleki, paipi ya PCV yochoka pa top cover, kapena gasiketi ya manifodi. Palinso timakomo ting'onoting'ono ta AC ndi power steering tomwe timakweza idling dala mukayatsa AC kapena mukakhotetsa chiongolero mpaka kumapeto, nato timatha kukakamira. Yambani ndi zaulere. Tukulani mpando, injini ili pansi panu pomwepo, gwirani kebulo ya moto muone ngati ili ndi kampata kosewera pang'ono. Kenako injini ikulira kankhani ndi chala pomwe kebulo imakoka kubwezera kotseka, ikatsika ndiye kuti mwapeza. Ikapanda kutsika tipita kwina. Kompyuta ndi yomaliza, ine zomwe ndinazipeza zitafadi pa magalimoto amenewa ndi zowerengeka, ndipo zambiri mwa izo zinali zolowa madzi kapena wina anatembenuza mawaya a batire.

Wamagetsi_BT
Kuwonjezera pa zomwe anena akuluwa, galimoto yanuyo imatha kudziulula yokha popanda makina. Pezani kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS, mukatsegula chivindikiro mkati mwake mwalembedwa mayina a timabowo. Tengani kawaya mulumikize TE1 ndi E1, tembenuzani kiyi pa ON osaliza, muwerenge momwe check engine ikuthwanimira. Ikamangothwanima mofanana osapumira ndiye kuti palibe khodi. Kawiri, kupuma, kawiri, ndi 22, sensa ya kutentha kwa madzi. Kanayi, kupuma, kamodzi, ndi 41, TPS, sensa yomwe imauza kompyuta momwe mwapondera moto. Koma onetsetsani mabowo, musangolumikiza paliponse, muli magetsi a batire m'kabokosi momwemo.

Zamatimati_Lizulu
Zikomo. Ndatukula mpando, kebulo ili ndi mpata, ndakankha ndi chala palibe kusintha. Kapeti mulibe n'komwe, inatha kalekale kkk. Kawaya ndalumikiza, ikungothwanima mofulumira osasiya. Za geji, @Sipanala14, imeneyo ndiye siivuta, galimotoyi siinatenthepo chiigulireni. Muvi umangonyamuka pang'ono pamwamba pa C, ndipo potsetsereka kuchoka ku Dedza kulowera ku Linthipe umagoneratu pansi.

Sipanala14
Ndiye basi mwadziyankha nokha. Mulibe thermostat mmenemo, kavalavu kotsekera madzi opita ku rediyeta mpaka injini itatentha, kapena yafera potsegula.

Zamatimati_Lizulu
Ine ndimayesa kusatentha ndi ubwino?

Dizilo_Yekha
Ndi ubwino kumene, musanamizidwe. Thermostat ndi ya ku Japan kumene kumagwa chipale. Ine Caravan yanga imatsika ku Thabwa kupita ku Nchalo mpaka ku Nsanje mu Okutobala, ndinachotsa kachinthu kameneko tsiku lomwe ndinaigula ndipo sinaphulitsepo gasiketi. Amakaniko onse ku Limbe amachotsa, onsewo ndi mbuli?

Sipanala14
Onse ayi. Ine ndili ku Limbe konko ndipo sindichotsa.

MkuluWaBiwi
@Dizilo_Yekha si umbuli, ndi chidule. Galimoto ikabwera ikutentha, kuchotsa thermostat ndi mphindi khumi, kutsuka rediyeta yotsekeka ndi matope ndi tsiku lonse, kasitomala ali chiimire akufuna kukanyamula anthu. Ndiye amachotsa, muvi umatsika, aliyense wakondwa. Koma thermostat yabwino ikatseguka madzi amadutsa okwanira ngakhale ku Nsanje. Za Toyota zambiri za nthawi imeneyo zimayamba kutseguka pa 82, nambala imadindidwa pa thermostat pomwepo. Injini anaipanga kuti izigwira ntchito ili yotentha choncho, osati yofunda. Yanu ndi ya dizilo yopanda kompyuta ndiye simuona msanga, imangodya mafuta mwakachetechete ndi kudetsa oyilo. Ya anzathuwa ili ndi kompyuta yomwe ikufunsa sensa mphindi iliyonse kuti kodi tatentha? Sensa ikuyankha kuti ayi. Ndiye kompyuta ikusiya valavu ya idling yotsegula ndi kuthira mafuta ambiri ngati m'mawa wa mu Juni, tsiku lonse. Kompyuta siikulakwitsa kalikonse, ikuchita zomwe yauzidwa. Mukagula ina ichita chimodzimodzi ndipo mbuzi zapita.

Dizilo_Yekha
Zaka zisanu ndi ziwiri ndikuyenda choncho. Tizionana.

Zamatimati_Lizulu
Koma funso langa ndi ili, ngati thermostat inachotsedwa ndi yemwe anandigulitsa zaka zitatu zapitazo, bwanji vutoli layamba miyezi iwiri yokha?

Wamagetsi_BT
Funso labwino ndipo ndi chifukwa chake ine sindikuvomereza kuti ndi thermostat yokha. Mwanena nokha kuti kale imatsika cha m'ma 900, zomwe zinali zokwera kale pang'ono, injini imeneyi ikatentha bwino imayenera kukhala cha m'ma 750 mpaka 800. Ndiye thermostat mwina inalipo ngati vuto laling'ono, miyezi yozizirayi yalikulitsa, koma pali china chawonjezeka pamwamba. Yezaninso sensa. Dziwani kuti sensa zake ndi ziwiri, ya waya umodzi ndi ya geji ya pa dashibodi, ya mawaya awiri, kawirikawiri soketi yake imakhala yobiriwira, ndi yomwe imalankhula ndi kompyuta. Ndi multimeter, injini yozizira iziwerenga pakati pa 2,000 ndi 3,000 ohms, ikatentha kufika 80 izitsika kufika cha m'ma 300. Sensa imatha kunama osatulutsa khodi, chifukwa kompyuta imangodandaula waya akaduka kapena akagundana, nambala yabodza koma yooneka ngati yoona imaikhulupirira.

MaiWaMabelo
Ine si makaniko koma ndinene zanga mwina zithandiza. Vanette yanga yomwe ndimatengera mabelo a kaunjika inachita zofanana chaka chatha, kulira pamwamba ngati ikufuna kuuluka. Tinasintha mapulagi, tinasintha fyuluta, palibe. Tsiku lina ndili pa mzere wa mafuta ndazimitsa wailesi, ndinamva kakuti fyiii pansi pa mapazi ndikaponda buleki, ndipo ndikaponda kulira kwa injini kumasintha. Ndinamuuza mnyamata amene amandikonzera, anaseka kaye kuti mayi buleki ndi injini zikugwirizana pati, koma atayang'ana paipi yakuda yaikulu yochoka ku injini kupita ku booster inali yong'ambika pansi pomwe pali kilampu, pamwamba ikuoneka yabwinobwino. Anadula pong'ambikapo nkubwezeretsa, basi. Mabuleki nawo anafewa, ine ndinali nditazolowera kuponda ndi mphamvu kumayesa ndi ukalamba wa galimoto.

Sipanala14
Mayi mwaposa amakaniko ambiri. Kuyesa booster ndi kosavuta, injini yozima pondani buleki kasanu mpaka ilimbe, gwirani choncho, lizani. Pedulo izitsika pang'ono yokha. Ikapanda kutsika pali vuto.

Bongo_Man
Njira yachangu yopezera pong'ambika, thirani petulo m'kabotolo muzidontheza pa mapaipi injini ikulira, pomwe kulira kusinthe ndi pomwepo. Kapena carb cleaner.

MaiWaMabelo
Petulo pa injini yotentha?? Inu muli ndi ana?

MkuluWaBiwi
@Bongo_Man njirayo imagwira, sindikana, koma pa galimoto yomwe injini ili mkati mwa kabini pansi pa mpando, distributor ndi mawaya a mapulagi okalamba ali pompo, moto ukabuka ukhala mkati mwa galimoto momwe muli inu ndi matayala a sipeya ndi makatoni. Ndinaonapo Bongo ikutha mphindi zochepa anthu akuthira mchenga. Tengani pulayala, kulungani kansanza kukamwa kwake, muzifinya kapaipi kamodzi kamodzi injini ikulira. Komwe mukafinya idling nkutsika, mpweya ukudutsa kumeneko. Kapena tengani paipi ya madzi yautali ngati mkono, mbali imodzi kukhutu, inayo muziyendetsa m'mbali mwa manifodi, mluzu wa pong'ambika umamveka bwinobwino. Samalani ndi fani ndi malamba basi.

Bongo_Man
Ine ndachita kambirimbiri sindinapsepo

Kondakitala265
Amene anapsa sali pa gulu pano kuti ayankhe

Wa_Joni_Taxi
Moni akumudzi. Kuno ku Johannesburg ndinagwirapo kwa bwana wina wa ma taxi, ma HiAce akale aja amati Siyaya, anasiya kuwapanga mu 2007 koma ena akuyendabe. Amenewo ndi 4Y ya 2.2 ya kabuleta, kulibe za sensa. Idling ikakwera timayang'ana choki, kachitseko ka pamwamba pa kabuleta kakakamira kotseka theka ndiye ka cam ka fast idle sikakubwerera. Ambiri amangomanga ndi waya kuti kakhale kotsegula, m'mawa wa mu Julayi dalaivala azipopa moto mpaka itenthe. Ndikungonena kuti wina amene ali ndi ya kabuleta asakafune TE1 pomwe palibe kkk

GogoWa3Y
Magalimoto anali amenewo. 3Y yanga ndinkaikonza ndi sipanala 10, 12, 14 ndi sikuludilaiva imodzi pansi pa mtengo wa mango. Idling sikuluwu imodzi, mixture sikuluwu ina, khutu lako ndiye kompyuta. Za lero mpaka muwerenge kuthwanima kwa getsi ngati mukuombeza.

Wamagetsi_BT
Agogo, ya 1998 mukuitcha ya lero? Ana obadwa chaka chimenecho ali ndi ana awo pano.

GogoWa3Y
Kwa ine chilichonse chopanda kabuleta ndi cha lero mwanawe.

Bongo_Man
Koma anthu inu simukunena chenicheni, ndi petulo wathuyu. Amasakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndi amene akudya mapaipi.

Sipanala14
Ethanol mu petulo wa ku Malawi anayamba mu 1982, galimotoyi isanapangidwe. Komanso m'timapaipi ta vacuum simudutsa petulo, mumadutsa mpweya. Timauma ndi kutentha ndi zaka. Labala wa zaka zoposa 25 mukufuna akhale bwanji?

Dizilo_Yekha
Gulani dizilo mavuto onsewa mulibe

MaiWaMabelo
Mpaka tsiku lomwe pampu idzafune kukonzedwa, mudzabwera pano mukulira

Zamatimati_Lizulu
Tabwererani kwa ine abale kkk. Chomwe chikundizunguza kwambiri ndi kusewera kuja, kukwera kutsika kukwera kutsika. Makaniko uja anati chimenecho ndiye chizindikiro choti kompyuta yapenga.

Wamagetsi_BT
Ndi chizindikiro choti ili moyo. Mu TPS muli ka switch kotchedwa IDL komwe kamauza kompyuta kuti phazi lachoka pa moto. Kompyuta ikaona kuti phazi palibe koma ma rev ali pamwamba, imaganiza kuti mukutsetsereka ndi giya, ndiye imadula mafuta kuti musawononge. Ma rev amagwa, ikaona agwa imabwezera mafuta, mpweya wakuba uja ulipobe ndiye akweranso, idulanso. Ndi kusewera mukukuonako. Komanso ngati yanuyo ili ndi MAP sensor, kabokosi kakang'ono kolumikizidwa ku manifodi ndi kapaipi, osati air flow meter pafupi ndi air cleaner, ndiye kuti mpweya uliwonse wolowa pong'ambika kompyuta imauona nkuwonjezera mafuta ake, zimangokhala ngati mwaponda moto pang'ono. Pa za air flow meter pong'ambika pamapangitsa injini kunjenjemera kapena kuzima, pa za MAP pamakweza idling.

Zamatimati_Lizulu
Ndabwera ndi lipoti. Loweruka tinamasula pomwe pamakhala thermostat, mulibe kanthu, chibowo chokha ndi silikoni wofiira wopakidwa ngati chiponde. Ndinagula ya 82 ku Malangalanga pobwerera ku msika, ndi labala wake. Taika, muvi wafika pafupi ndi pakati koyamba chiigulireni galimotoyi, mtima unagunda ndithu ndimayesa ikupsa. Koma idling yafika posokonekera, mphindi ino 1,200 mphindi ina 1,900, ndipo muvi wa kutentha nawo ukuyendayenda. Ndalakwitsa chani?

Dizilo_Yekha
Ndinanena ine

MkuluWaBiwi
Simunalakwitse, mwatsekera mpweya m'madzi. Sensa ikakhala m'thovu la mpweya m'malo mwa madzi imawerenga zopenga. Ma van amenewa amavuta kutulutsa mpweya chifukwa mapaipi a heater ndi aatali, ena ali ndi heater yachiwiri kumbuyo. Imikani galimoto pokwera mphuno ili kumtunda, injini itazizira tsegulani chivindikiro cha rediyeta, heater ikani pa HOT, lizani muisiye ilire. Muziona thovu likutuluka, madzi akatsika muziwonjezera, muzifinya paipi yaikulu ndi dzanja. Thermostat ikatseguka madzi amatsika kamodzi n'kamodzi, wonjezerani mpaka thovu lithe. Komanso thermostat ili ndi kabowo kokhala ndi kachitsulo kogwedera m'mphepete, kameneko kamayenera kukhala kumwamba, ngati munakaika pansi mpweya umavuta kudutsa. Ndipo chonde musatsegule chivindikiro injini ili yotentha, madzi ake amasenda khungu. Mukatha mugule coolant, madzi a pa mjigo okha ndi amene amabweretsa dzimbiri.

Zamatimati_Lizulu
Kachitsulo kanali kumwamba mwamwayi chabe. Tatulutsa mpweya, unatuluka wambiri. Pano muvi wakhazikika pakati, potsika ku Linthipe sukugwanso, heater ikutentha mpaka wondithandiza kunyamula anagona njira yonse. Idling ili pa 1,250 yokhazikika. Sensa tayeza kwa mnyamata wokonza mawailesi, yozizira 2,400 yotentha 320, ndiye ili bwino eti? Kwatsala 1,250 ameneyu.

Wamagetsi_BT
Sensa ili bwino, isiyeni. Tsopano injini itatentha gwirani timapaipi tiwiri ta madzi, tonenepa ngati chala, tolowa pansi pa throttle body pomwe pali valavu ya idling. Tonse tiwiri tizitentha moti simungagwire nthawi yaitali.

Zamatimati_Lizulu
Amwene. Kamodzi kali ndi bawuti mkati komangidwa ndi waya, sikalumikizidwa paliponse. Kachiwiriko kali pamalo pake koma kozizira.

Kondakitala265
Yemwe anakugulitsani galimotoyi anali dokotala wa maopaleshoni, chilichonse chovuta amangodula 😂

MkuluWaBiwi
Nzosadabwitsa, kapaipi kanadontha tsiku lina pa msewu, anatseka ndi bawuti kuti afike kunyumba, nkukhala choncho mpaka kugulitsa. Madzi amenewo amadutsa pa valavu kuti itenthe, mkati muli kachitsulo kapena phula lomwe limasuntha ndi kutentha nkuthandiza kutseka njira ya mpweya. Popanda madzi valavu imakhala ngati kunja kukadali m'mawa. Masulani throttle body yonse, mabawuti ndi ochepa, koma gulirani gasiketi yatsopano musanayambe chifukwa yakaleyo ing'ambika. Njira ya madziyo muipeza yotsekeka ndi dzimbiri, tokosani ndi waya mpaka madzi azidutsa. Valavu ichotseni muitsuke payokha, kutsuka kwa sipule kuchokera kukamwa kuja sikufika mkati mwake, mumakhala mwaye wouma ngati wa pa mphika womwe umaigwira isatseke. Tisikuluwu take timalimba ndipo mitu imatha msanga, gwiritsani sikuludilaiva yokwana bwino, muigogode kaye. Mbali ya magetsi musainyike mu petulo. TPS musaimasule pakadali pano.

MaiWaMabelo
Ine ndikungodikira kuti paipi yong'ambika ipezeka, ndaika K500

Zamatimati_Lizulu
Mayi tengani K500 yanu kwa a Dizilo kkkk. Dzulo tinachita zonse anena a ku Biwi. Njira ya madzi inali yotsekeka ndi zinthu zofiira zolimba ngati dothi la pachulu, tinatokosa ndi sipoko ya njinga. Valavu inali yakuda bii, itatsukidwa inayamba kuzungulira ndi chala pomwe poyamba inali gwa. Tabwezera, timapaipi tatsopano, idling 1,050. Ndiye ndinatenga pulayala ndi kansanza kuyamba kufinya. Ya booster palibe. Timapaipi ting'onoting'ono palibe. Nditafika pa ya PCV sindinafinye n'komwe, kungoigwira inathyoka m'manja ngati chinangwa chouma, kunsi kwake inali ndi mng'alu wautali ngati chala wodzaza mafuta ndi fumbi, pamwamba osaoneka. Ndiganiza imeneyi ndi yomwe inayamba miyezi iwiri yapitayo chifukwa ndi nthawi yomwe tinasintha gasiketi ya top cover, ayenera kuti anaikoka. Taika ina. Koma tsopano vuto latembenuka, ikatentha ikutsika mpaka 500, kunjenjemera, pa roundabout yazima kawiri, ndipo pedulo ya moto ikumata poyamba kuponda.

Dizilo_Yekha
Mwaikonza mpaka yasiya kulira, zabwino zonse

Sipanala14
Ndi kasikuluwu kaja anapotoza makaniko wanu woyamba. Kameneko si ka idling, ndi kopumira kachitseko ka throttle kuti kasalume khoma, amakaika ku fakitale nkukapaka penti kuti anthu asakagwire. Iye anakabweza kuti abise mpweya wakuba, pano wakuba wagwidwa ndiye kachitseko katsekeratu mpaka kukakamira, ndi kumata mukukumvako.

Wamagetsi_BT
Eya. Yang'anani penti yachikasu kapena yoyera pa ulusi wa sikuluwuyo, nthawi zambiri imakusonyezani pomwe inali. Ngati siikuoneka, ibwezeni mpaka isiyane ndi chitsulo chomwe imagunda, ipotozeni mpaka ingokhudza, kenako muwonjezere pang'ono chabe kuti kachitseko kasamate, mumange nati yake. Mukatero muyeze TPS, pakati pa IDL ndi E2 pazikhala polumikizana phazi likachoka, ndipo pazidukana mukangotsegula pang'ono. Ngati sizikutero ndi pomwe mumasule tisikuluwu tiwiri ta TPS nkuisuntha pang'onopang'ono, mipata yake yeniyeni ya feeler gauge ili m'buku la injiniyo, musaloze ndi maso. Pomaliza chotsani waya wa negative pa batire kwa mphindi imodzi kuti kompyuta iiwale zakale, lizani, muisiye itenthe yokha osaponda. Ngati muli ndi wina wa timing light aonenso timing TE1 ndi E1 zili zolumikizidwa, chifukwa anthu opotoza sikuluwu amakondanso kupotoza distributor.

GogoWa3Y
Mwaona, pamapeto pake yabwerera ku sikuluwu. Ndinanena.

Sipanala14
Agogo sikuluwu ndi yomwe inawononga, osati kukonza

Zamatimati_Lizulu
Penti inalipo, yachikasu, anali atabweza pafupifupi mizere iwiri. Tabwezera, TPS inali bwino sitinaigwire, distributor mabawuti ake ali ndi dzimbiri losonyeza kuti sanamasulidwepo. M'mawa lero yayambira pa 1,500, pofika pa Bembeke inali itatsika, ku Wakawaka ndaima muvi uli pa 800 osagwedera, mpaka ndinaponda pang'ono kuti ndimve ngati ikulira. Mafuta ndiona bwino ndikapanga maulendo angapo koma lero geji yatsika mochepa kusiyana ndi masiku onse. Zonse pamodzi thermostat, gasiketi, mapaipi ndi coolant sizinafike mtengo wa mbuzi imodzi. A ku Biwi ndi a Wamagetsi mundiuze kokusiyirani dengu la tomato.

Kondakitala265
Ine ndinapereka nawo maganizo, kabichi mmodzi akwana

Bongo_Man
Nanga mukayatsa AC ikukwera bwanji?

Zamatimati_Lizulu
AC yake iti, lamba wake anachotsa dokotala yemwe uja

MkuluWaBiwi
Tomato mupatse mayi a mabelo, anaona patali. Koma giya wani ija mwati imakukuta, yasiya?

Zamatimati_Lizulu
Yachepa koma siinasiyiretu, makamaka rivesi, ndipo ndikapopa kilatchi kawiri imalowa bwino.

MkuluWaBiwi
Ndiye si idling imeneyo, inkangokulitsa. Onani mafuta a kilatchi ngati akutsika, kenako suzumirani pamwamba pa pedulo ndi tochi, master cylinder ikamadontha pamakhala ponyowa pomwe kachitsulo kamalowa. Onaninso slave cylinder pa giyabokosi, tukulani kalabala kake.

Zamatimati_Lizulu
Ndasuzumira, panyowa. Ndiiona Loweruka ndikabwera ku msika, mawa ndili ndi madengu 40 oti afike tomato asanafewe.